Fulu wanu akayamba kupuma mwaphokoso

Fulu wathanzi amapuma mwakachetechete. Mukhoza kukhala naye pafupi ola lathunthu osamva kalikonse kupatula kukwekwesa kwa zikhadabo zake. Choncho ngati amene mukuweta wayamba kutulutsa kaphokoso nthawi iliyonse akamakoka mpweya, kaya ndi kamluzu koti tswii tswii, kaya kakulira konyowa kochokera kukhosi, musadzitonthoze kuti ndi mmene amapumira. Pali chimene chikutchinga njira ya mpweya, ndipo nyama imeneyi ilibe njira yochichotsera yokha.

Chifukwa chake chili m'mapangidwe a thupi lake. Ife tikadzadza makhololo timatsokomola n'kulavula. Fulu satha kutero. Alibe mnofu uja wolekanitsa chifuwa ndi mimba umene umatithandiza kukoka ndi kukankha mpweya mwamphamvu, ndipo nthiti zake zinamatirana ndi chigoba moti sizifutukuka. Mapapo ake ali pamwamba, kunsi kwenikweni kwa chigoba chakumsana, ndipo chiwindi, matumbo ndi chikhodzodzo zili pansi pa mapapowo. Popuma amadalira minofu ya m'mbali mwa miyendo. Mukamuyang'anitsitsa atagona mudzaona miyendo yakutsogolo ikulowa ndi kutuluka pang'onopang'ono: kumeneko ndiye kupuma kwake. Tsono madzi kapena mafinya akalowa m'mapapo amangokhazikika momwemo n'kumachuluka. Choopsa china n'chakuti fulu amapirira kuchepa kwa mpweya nthawi yaitali kuposa galu kapena mphaka, motero pamene inu mukumva phokosolo, nthawi zambiri matendawo anayamba kale masabata angapo apitawo.

Koma si phokoso lililonse limene lili matenda, ndipo sindikufuna kuti muzithamangira kwa dokotala pa chilichonse. Mukamunyamula modzidzimutsa, fulu amabweza mutu ndi miyendo msanga m'chigoba, ndipo mpweya wa m'mapapo umatuluka kuti fuu. Ambiri amati wakwiya, pomwe wangopereka malo kuti mutu ulowe. Wamphongo amabuula akamakwera wamkazi. Ena amatulutsa kaphokoso akamadzikakamiza pochita chimbudzi kapena poikira mazira. Khungu la pansi pa chibwano limagundagunda nthawi zambiri, ndipo kumeneko n'kununkhiza chabe. Kathovu kamodzi pamphuno atangomwa madzi, kapena kuyasamula kamodzi m'mawa, zimenezi n'zabwinobwino. Kusiyana kwake n'kwakuti maphokoso amenewa amabwera pa chifukwa chooneka, n'kutha. La matenda limabwerezabwereza, limayenda limodzi ndi mpweya uliwonse, ndipo limamveka ngakhale fuluyo ali phee osasokonezedwa.

Kuti musiyanitse bwino, mupiteni naye pamalo opanda phokoso, mumuike pansi, mudikire mpaka atatulutsa mutu yekha. Sendezani khutu pafupi ndi mphuno zake. Kenako yang'anani mabowo awiri aja. Pa fulu wathanzi amakhala ouma, otseguka, ofanana kukula. Pa wodwala mudzaona chinyezi m'mphepete mwake, kapena mamina oyera onanda, kapena tithovu totuluka n'kuphulika akamapuma. Apa pali chizindikiro chimene oweta ambiri sachidziwa: tembenuzirani maso ku miyendo yakutsogolo. Fulu wachimfine amadzipukuta mphuno ndi miyendo imeneyi, moti mamba ake amakhala ndi zoyera zoumirira, nthawi zina dothi litakakamira pamenepo. Mphuno ikhoza kuoneka youma pa nthawi imene mukuyang'anayo, koma miyendo imaulula. Onaninso zikope ngati zatupa, maso ngati akutuluka misozi kapena alowa m'kati, ndi m'kamwa ngati muli malovu otanuka kapena zigamba zoyera kapena zachikasu pa lilime.

Ngati mamina akutuluka bowo limodzi lokha, ganizirani kaye za kachinthu kolowa m'mphuno, monga njere ya udzu kapena kachidutswa ka tsamba. Nthawi zina ndi chakudya choumira pakhomo pa mphuno chimene chikuimbitsa mluzuwo, ndipo kupukuta ndi kathonje konyowetsa m'madzi ofunda kumathetsa nkhaniyo. Musalowetse singano kapena kamtengo m'bowomo.

Pali zizindikiro zina zimene sizilola kudikira ngakhale tsiku limodzi. Fulu amapumira m'mphuno. Mukamuona wayasama kukamwa, khosi atalitambasula kuloza kumwamba, miyendo ikupopa mwamphamvu, wasiya kudya ndipo mukamunyamula mutu ndi miyendo zikungolendewera, dziwani kuti mapapo agwidwa. Ameneyo afunika dokotala wa ziweto lero lomwe.

Tsopano tikambe gwero lake, chifukwa apa m'pamene oweta ambiri amaphonya. Pa zonse zimene zimadwalitsa afulu oweta, kuzizira ndiye kuli patsogolo. Thupi la fulu silipanga kutentha kwakelake; limatengera kutentha kwa malo amene ali. Akazizidwa, chakudya sichigayika bwino ndipo chitetezo cha m'thupi chimafooka, motero tizilombo timene anali nato kale mwakachetechete timapeza mpata. Anthu ambiri amaika dzanja m'khola n'kunena kuti muli bwino, koma dzanja si muyezo. Pezani chipangizo choyezera kutentha, muchiike pansi pomwe fuluyo amakhala, osati pamwamba pa khoma la khola. Kwa mitundu yambiri yowetedwa, pamalo oothera pazikhala madigiri 32 mpaka 35 a Celsius, ndipo mbali ina ya khola izikhala yozizirirapo, madigiri 22 mpaka 25, kuti azisankha yekha kopita. Chofunika kwambiri ndi muyezo wa m'bandakucha. Masana nyale yotenthetsa khola ikuyaka zonse zimaoneka bwino, koma nyale ikazima, simenti kapena matailosi a pansi amazizira kwambiri, ndipo kamphepo kolowa pansi pa chitseko kamamuwomba usiku wonse. Inu mutaimirira simukamva. Iye mphuno zake zili pafupi ndi pansi penipenipo.

Kuzizira kukaphatikizana ndi kunyowa, ngozi imakula. Fulu wamawanga wotchedwa leopard ndi fulu wamkulu wa sulcata wochokera ku Sahel, dera louma la kumwera kwa chipululu cha Sahara, ndi nyama za malo otentha, sagona tulo ta nyengo yozizira, ndipo pogona ponyowa ndi pozizira pamawadwalitsa msanga. Usiku asamakhale pamalo otsika kupitirira madigiri 18 mpaka 20, makamaka ana ake. Komano kuumitsa kwambiri nakonso n'kulakwa. Fulu wa miyendo yofiira wa ku South America amafuna mpweya wachinyezi chochuluka, ndipo m'khola louma gwa m'mphuno mwake mumauma n'kuyamba kulira. Fulu wa Horsfield wa ku Central Asia ndiye sagwirizana ndi chinyontho chokhalitsa. Choncho funso loyamba limene woweta aliyense ayenera kuliyankha ndi lakuti: wangayu ndi wa mtundu wanji, ndipo kwawo kuli nyengo yotani?

Zoyala pansi nazo zimathandizira. Utuchi wa paini ndi wa sida uli ndi mafuta onunkhira amene amapweteka njira ya mpweya. Mchenga wouma ndi udzu wafumbi zimalowa m'mphuno, ndipo zoyala zonyowa zikakhalitsa zimachita nkhungu. Utsi wa fodya, utsi wa moto, mankhwala opopera udzudzu ndi zonunkhiritsa m'nyumba zisafike kumene kuli fulu. Bokosi lagalasi lotsekeka mbali zonse silabwino, chifukwa mpweya suyenda ndipo fungo la mkodzo limaunjikana. Pa zakudya, kusowa kwa vitamini A kumawononga kakhungu kam'kati mwa mphuno ndi m'maso. Masamba obiriwira a mitundu yosiyanasiyana amateteza vutoli. Musamubaye nokha jakisoni wa vitamini ameneyu, pakuti akachuluka khungu limasupuka.

Kenako pali matenda opatsirana. Odziwika kwambiri ndi a bakiteriya wotchedwa Mycoplasma agassizii, amene amayambitsa chimfine chosatherapo, chomapita n'kubweranso. Matenda amenewa anathandizira kuchepetsa afulu a m'chipululu cha Mojave ku United States, amene mu 1990 anaikidwa pa mndandanda wa nyama zomwe zili pangozi. Fulu amene anagwidwapo amatha kukhala ndi kachilomboka moyo wake wonse, akuoneka wathanzi, n'kumapatsira anzake. Palinso vairasi ya herpes, imene imabweretsa zigamba zija m'kamwa ndipo imapha kwambiri afulu a Hermann a kumwera kwa Ulaya. Vairasi imeneyinso imabisala m'thupi la amene wachira. Ichi n'chifukwa chake ndimalimbikira pa mfundo imene ambiri amaiona ngati yovuta: fulu watsopano akhale payekha miyezi 6 kapena kuposerapo asanakumane ndi amene muli nawo kale, akhale ndi mbale zakezake, ndipo musaphatikize mitundu yosiyana m'khola limodzi. Kachilombo kamene mtundu wina umakapirira kakhoza kupululutsa mtundu wina. Chifundo chofuna kumupezera mnzake wocheza naye chaphetsa afulu ambiri, pomwe fulu sasungulumwa akakhala yekha.

Dziwaninso kuti kubanika kwina sikuchokera m'mapapo. Popeza m'chigoba malo ndi ochepa, mazira okanika kutuluka, mwala wa m'chikhodzodzo kapena matumbo odzimbidwa zimakankha mapapo kuchokera pansi. Fulu wogwa chagada nayenso amabanika chifukwa zam'mimba zonse zimatsamira mapapo, motero chotsani m'khola zinthu zimene angakwerepo n'kugudubuka.

Nanga mwamva phokoso lija, muchite chiyani podikira kuonana ndi dokotala? Mpatuleni kwa anzake nthawi yomweyo. Muikeni pamalo aukhondo, poyala mapepala osati dothi, kuti muzitha kuona mamina ndi chimbudzi chake. Kwezani kutentha kuti usana ndi usiku kusatsike pansi pa madigiri 26 mpaka 28, koma musiyeni ndi mpata wochoka pansi pa nyale, chifukwa wofooka akhoza kupsa osasuntha. Tsiku lililonse mukhazikeni m'madzi ofunda kwa mphindi 15 mpaka 20, madziwo angofika pomwe chigoba chapansi chimakumana ndi chapamwamba, osafika pamphuno, ndipo musamusiye yekha m'madzimo. Kumeneku kumamuthandiza kumwa, ndipo mamina amasungunuka. Muyezeni pa sikelo ya kukhitchini, mulembe magalamu ake. Chigoba chimabisa kuwonda, koma sikelo imaonetsa. Ngati muli ndi foni, jambulani vidiyo pamene akupuma mwaphokosopo, chifukwa akafika kwa dokotala amachita mantha, n'kubisa mutu, phokoso lija osamvekanso. Mukamaliza kumugwira sambani m'manja ndi sopo, poteteza afulu enawo komanso inu eni, popeza afulu amanyamula Salmonella, bakiteriya amene amadwalitsa anthu m'mimba.

Kutenthetsa kokha kumachepetsa phokoso kwa ena, makamaka ngati vuto langoyamba. Koma ngati papita masiku awiri kapena atatu osasintha, kapena pali mamina, kapena wasiya kudya, kutenthetsa sikukwanira. Ndipo pano ndikuchenjezeni mwamphamvu: musamupatse mankhwala a anthu, a nkhuku kapena a galu mongoganizira. Mankhwala a njoka zam'mimba otchedwa ivermectin, amene amagwira bwino pa ziweto zambiri, fulu amamupuwalitsa n'kumupha. Musamuthire madzi kapena mankhwala m'kamwa mokakamiza, chifukwa khomo la njira ya mpweya lili kumbuyo kwa lilime ndipo madontho ochepa akhoza kutsikira m'mapapo. Musamudzoze mafuta onunkhira aja otsegula mphuno.

Funani dokotala amene amadziwa za nyama zokwawa, ndipo pa ulendowo fuluyo akhale m'bokosi lofunda. Mumuuze mtundu wake, kutentha kwa khola usana ndi usiku, zimene amadya, ndiponso ngati mwabweretsa fulu wina posachedwa. Dokotala akhoza kujambula X-ray kuti aone mapapo, kutenga mamina kukayezetsa kuti adziwe kachilombo kake, kutsuka m'mphuno, ndi kupereka maantibayotiki, kawirikawiri a jakisoni. Thupi la fulu limachita zinthu pang'onopang'ono, choncho chithandizo chimatenga masabata, ndipo mankhwala amagwira bwino pokhapokha wodwalayo akamafunda mokwanira. Malizani mankhwala onse ngakhale phokoso litatha pa sabata yoyamba.

Kwa amene muli ndi mitundu imene imagona nyengo yonse yozizira, monga Hermann ndi Horsfield, fulu amene wadwala chifuwa chaka chimenecho musamugoneke. M'tulo timeneti chitetezo cha thupi chimatsika kwambiri ndipo ambiri otere sadzukanso. Musungeni pofunda, ali maso ndipo akudya, mpaka nyengoyo itadutsa. Ndipo ngati mwalephera kumusamala, musakamutaye kutchire poganiza kuti akachira kumeneko. Akakafika kumeneko adzapatsira afulu am'tchire matenda amene palibe angawachiritse. Mpatseni woweta wina wodziwa, mumuuze mbiri yonse ya matendawo, kuti nayenso amusunge payekha.