Mmene mungayankhire mafunso osavuta m'Chisipanishi

Yankho la funso la Chisipanishi limabisala m'funso momwemo. Choyamba, tcherani khutu ku mneni. Ife timasintha mneni kutsogolo, "umalankhula" n'kukhala "ndimalankhula", koma Chisipanishi chimasintha kumchira. Wina akafunsa kuti ¿Hablas inglés? (umalankhula Chingerezi?), chotsani -as muike -o: Sí, hablo inglés. Chimodzimodzi ¿Dónde vives? (umakhala kuti?), yankho lake ndi Vivo en Zomba. Pokana, "no" amabwera kawiri: No, no hablo inglés. Woyamba ndi "ayi", wachiwiri ndi "si-" wa mu "sindilankhula".

Kenako lowezani mafunso omwe mlendo aliyense amayamba nawo. ¿Cómo te llamas? akufuna dzina: Me llamo Chikondi. Zilembo ziwiri za "ll" zitchuleni ngati "y", kuti "me yamo". Pa zaka ndiye tili ndi mwayi, chifukwa iwonso amati "ndili ndi zaka": ¿Cuántos años tienes? Tengo 25 años. Amene amaganiza kaye m'Chingerezi ndi amene amalakwitsa n'kunena kuti "soy 25". Samalaninso ndi ñ, amene ndi "ny" wathu uja wa mu "nyama". Mukatchula "anos" m'malo mwa "anyos", mwanena malo otulukira chimbudzi, ndipo anthu aseka.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa soy ndi estoy. Njira yachidule ndi iyi: pamene inu munganene "ndine", ikani soy, ndipo pamene munganene "ndili", ikani estoy. Soy enfermera, ndine namwino. Soy de Malaui, ndine wa ku Malawi. Estoy bien, ndili bwino. Estoy en Lilongwe, ndili ku Lilongwe. Lamuloli silikwanira paliponse (zaka zija ndi umboni), koma poyambira limagwira ntchito.

¿Te gusta el pescado? (umakonda nsomba?) sasintha mchira. Yankho ndi Sí, me gusta, osati "gusto", poti mwini chiganizo ndi nsombayo: ikundisangalatsa.

Mukayankha, bwezani funso. Kwa mnzanu nenani ¿Y tú?, kwa wamkulu kapena munthu wosamudziwa ¿Y usted?, monga timasiyanitsira "iwe" ndi "inu". Funso likakudutsani, musangogwedeza mutu: No entiendo. Más despacio, por favor, kutanthauza kuti sindikumva, lankhulani pang'onopang'ono chonde.