Musanalembe mafunso a kafukufuku, jambulani njira ya uthenga

Ophunzira ambiri amene ndimawathandiza amabwera ndi mafunso olembalemba kale, koma ndikawafunsa model imene akutsatira, kutanthauza chithunzi cha mmene uthenga umayendera, amangoyang'ana pansi. Ine ndimati tiyambe ndi pepala ndi pensulo.

Tinene kuti mukufufuza chifukwa chimene alimi sakutsatira malangizo a pa wailesi okhudza mbozi za ntchemberezandonda. Jambulani mabokosi asanu olumikizana ndi mivi, potsatira mafunso amene katswiri wa ku America Harold Lasswell anapereka mu 1948: akuyankhula ndani, akuti chiyani, kudzera pati, kwa yani, ndipo chikutsatira n'chiyani. M'bokosi musalembemo "anthu" ayi. Lembani zenizeni: mlangizi wa zaulimi, wailesi ya m'dera, mayi wolima ekala imodzi. Bokosi lililonse lili ndi ntchito yake. La "akuti chiyani" likufuna mujambule mapologalamuwo n'kusanthula mawu ake. La "kwa yani" likufuna muyende m'midzi.

Kenako onjezani phokoso. Claude Shannon, amene ankagwira ntchito ku Bell Labs, malo a kafukufuku wa za lamya ku America, ankaganizira zosokoneza za pa lamya. Kwa inu phokoso ndi batire lotha, dzina la mankhwala lovuta kutchula, kapena pologalamu youlutsidwa m'mawa anthu ali kumunda.

Ambiri amalekera pomwepa, ndipo kafukufuku wawo amathera pa kuwerenga nyumba zimene zili ndi wailesi. N'zoperewera zimenezo. Mu 1955, Elihu Katz ndi Paul Lazarsfeld anafalitsa zimene anapeza pakati pa amayi a mumzinda wa Decatur, Illinois, ku America: nthawi zambiri uthenga umayamba wafika kwa anthu ochepa odalirika, iwowo n'kumaupatsira anzawo. Choncho ikani funso ili: "Mutamva pa wailesi, munakafunsa ndani?" Akatchula mlimi wachitsanzo, amfumu, kapena wogulitsa mankhwala pamsika, mulondoleni ameneyo mukacheze naye. Mwina mupeza kuti wogulitsayo amauza anthu mlingo wosiyana ndi wa pa wailesi, poti sakufuna kasitomala abwerere chimanjamanja.

Muvi wina uloze m'mbuyo, kuchokera kwa omvera kubwerera kwa oyankhula, monga anaphunzitsira katswiri wina, Wilbur Schramm, mu 1954. Funsani opanga pologalamu ngati mafoni ndi mauthenga a alimi amasintha zimene adzaulutse sabata yotsatira, kapena amangowawerenga n'kuika nyimbo.

Tsopano tengani mafunso anu aja. Pambali pa funso lililonse lembani bokosi kapena muvi umene likuyankha. Funso lopanda pokhala lifufuteni, ndipo bokosi lopanda funso mulilembere lake musanakwere minibasi.