Momwe mungathetsere vuto la primer yokanirira pa makina odzazira zipolopolo

Alenje ndi ochita masewera owombera chandamale ku America ndi ku South Africa, amene malamulo amawalola kudzidzazira okha zipolopolo, amadziwa kuti gawo lovuta kwambiri pa makina monga Dillon RL550 kapena Hornady Lock-N-Load AP ndi lomwe limapereka primer, kachitsulo kakang'ono kamene kamayatsa wonga. Ku South Africa ntchito yodzazira zipolopoloyi ndi ya okhawo amene ali ndi chilolezo cha mfuti, ndipo imatsata lamulo la Firearms Control Act la 2000.

Mukamva chogwirira cha makinawo chikulimba, lekani pomwepo ndipo musakakamize ngakhale pang'ono. Chubu chosungiramo ma primer pamakinawo chimasunga ma primer 100 osanjikizana, ndipo imodzi ikaphwanyika n'kuphulika imatha kuyatsa zonse nthawi imodzi. Valani magalasi oteteza maso, chotsani wonga pamakina, kenako mukhuthule ma primer otsala mosamala.

Yambani ndi kuona kukula kwake. Primer yaing'ono ndi ya mainchesi 0.175 pamene yaikulu ndi ya 0.210, ndipo iliyonse ili ndi chubu chake komanso kachitsulo kake kokankhira. Yaing'ono ikalowa m'chubu cha yaikulu imatembenuka kapena kugona cham'mbali. Onaninso zigoba za zipolopolo zanu, chifukwa zina za mtundu wa .45 ACP zili ndi bowo laling'ono lolowamo primer ngakhale zambiri zili ndi lalikulu, ndipo chimodzi chokha chosakanikirana ndi zinzake chimaimitsa ntchito yonse.

Nthawi zambiri gwero la vutoli ndi litsiro, ndipo apa m'pamene ndikupempha kuti mufatse. Masulani kachitsulo kotsetsereka kamene kamanyamula primer, muyang'ane pansi pake ndi tochi. Mupeza timbewu ta wonga, tizidutswa ta mkuwa ndi fumbi lachikasu lochokera ku ma primer. Kambewu kamodzi kokha kakakhala m'kachikho ka pa kachitsuloko momwe mumakhala primer, kamasiya kachipsera pa primer iliyonse imene yalowa. Fumbi lachikasulo limayaka, choncho lipukuteni ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, ndipo m'kati mwa chubu mudutsitsenso kansalu kofananako mpaka katuluke koyera. Musathire mafuta pamalowa, popeza mafuta amagwira fumbi komanso amaononga primer.

Zonse zikauma, bwezerani kachitsuloko koma musamangitse masikuluwu msanga. Kwezani ndi kutsitsa chogwirira pang'onopang'ono mpaka kachikho kalowe pakati penipeni pa bowo la mbale yogwira zigoba, ndipo mumange ali pomwepo. Mbaleyo izizungulira momasuka koma isamagwedezeke. Ngati kamlomo kapulasitiki kakunsi kwa chubu kang'ambika, kapena sipuling'i yafooka, gulani zatsopano.

Zigoba zochokera kwa asilikali, monga za zipolopolo za mtundu wa 5.56, zimakhala ndi mkombero wofinyidwa pabowo, ndipo primer yatsopano siingalowe mpaka mkomberowo utasalazidwa ndi chida chake.

Primer ikakanirira m'kati mwa chubu, musaigogode kapena kuitokosa ndi waya. Chubucho chisagwiritsidwenso ntchito, ndipo muitanitse china kwa opanga makinawo.

Mukamaliza, yesani ndi ma primer asanu okha, popanda wonga. Sisitani chala kunsi kwa chigoba chilichonse: primer yolowa bwino imakhala yobira pang'ono, osati yotukuka.