Polishi wopaka pansi m'nyumba: mmene ndimapakira pa tindege ta pulasitiki

Pa tebulo pomwe ndimamangira tindege ta pulasitiki pali timabotolo ta penti tambirimbiri, koma botolo lalikulu kuposa onse ndi la polishi wopaka pansi m'nyumba. Ndinaligula kalekale ndipo mpaka pano silinafike theka, chifukwa kandege ka 1/72 (kochepa ka 72 poyerekeza ndi ndege yeniyeni) sikadya ngakhale supuni imodzi yaing'ono.

Choyamba muonetsetse kuti mwatenga polishi woyenera. Wa phula uja, wolimba ngati mafuta odzola, wopaka ndi chisanza kenako n'kukwecha ndi burashi, musamuyandikitse n'komwe: penti ndi zomata za manambala ndi zizindikiro sizigwira pa phula. Wofunika ndi wamadzimadzi wa akiliriki, amene akauma amasiya kachikhungu koonekera ngati galasi. Wotchuka kwambiri pa ntchitoyi anali wa kampani ya S.C. Johnson. Ku America ankamutcha Future, ku Britain Klear, kenako anayamba kugulitsidwa pansi pa dzina la Pledge, ndipo dzinalo linasinthasintha kangapo mpaka kampaniyo inasiya kumupanga. Ena amagwiritsa ntchito Quick Shine. Mtundu uliwonse umene mwaupeza, yambani mwauyesa pa supuni yapulasitiki yopaka penti. Ugone usiku, mawa muone ngati wauma mowala, wosachita chikasu, wosanata m'zala.

Ntchito yoyamba imene ndimaikonda ndi ya kagalasi kophimba pokhala woyendetsa ndege. Kamabwera m'bokosi kali ndi timikwingwirima tosaoneka bwino, ndipo n'chifukwa chake kamaoneka ngati pulasitiki wamba. Ndimakatsuka ndi sopo wa mbale, kakauma ndimakagwira ndi kachopanira pa kamtengo kapulasitiki komwe kadalumikizika, n'kukaviika konse m'kachikho ka polishi. Potulutsa ndimachita pang'onopang'ono, kuti thovu lisakhalepo. Kenako ndimagunditsa m'mphepete mwake pa tishu kuti amwe madontho otsala, apo ayi polishi amaunjikana pakona n'kuuma ngati msozi. Ndikatero ndimakavundikira ndi kapu kwa tsiku lathunthu. Kapuyo musaiwale. Fumbi limakonda polishi wonyowa ngati nyerere pa shuga, ndipo kaubweya kamodzi kokha pagalasi kamaoneka ngati chingwe ndege ikakhala yaing'ono chonchi.

Polishiyo amadzaza timikwingwirima tija, galasi limaoneka lopyapyala ndi loyera. Pali phindu linanso: nthunzi ya superglue imasiya utsi woyera pa pulasitiki woonekera, koma kagalasi koviika kale sikagwidwa msanga ndi vutoli. Ine ndimamatabe ndi guluu woyera wa matabwa uja, kuopa kudziputira.

Ntchito yachiwiri ndi yokonzera malo zomata zoviika m'madzi, za manambala ndi zizindikiro za ndege. Penti wosawala, mukamuona pa galasi lokulitsa, ndi wa zitunda ndi zigwa. Chomata chikagona pamenepo, mpweya umatsekeredwa kunsi kwake, ndipo m'mbali mwa nambala mumaoneka kuyera ngati siliva. Spitfire (ndege yankhondo ya ku Britain) yanga yoyamba inatuluka chotero. Zilembo za m'mbali zinkaoneka ngati ndamata ndi selotepi, ndipo ndinkada zomatazo pamene wolakwa ndinali ine. Polishi amasalaza zitunda zija, chomata chimagona chonse, mpweya umasowa pobisala.

Musanapake, penti aume kaye. Wa akiliriki ndimam'patsa tsiku limodzi, wa enamelo masiku atatu kapena kuposa, mpaka fungo litatha. Ndimatenga burashi yofewa, yophwatalala, yomwe sinalawepo penti, ndimainyika pang'ono n'kukoka kamodzi kuchokera kutsogolo kwa phiko kupita kumbuyo. Apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera: amaona timizere ta burashi n'kubwereranso kuti asalaze. Musabwererenso. Polishi ameneyu amadzisalaza yekha pouma, ndiye ubwino wake wonse. Mukamukhudza atayamba kunata, timizere timene mukufuna kuchotsato ndi timene mudzakhale nato. Akaunjikana pa mgwirizano wa phiko ndi thupi la ndege, mugunditsepo nsonga ya tishu basi. Dikirani ola limodzi, pakaninso kachiwiri. Kupaka kawiri kapena katatu mopyapyala kumaposa kupaka kamodzi mochindikala.

Okhala ndi airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, safunika kusungunula, polishiyo ndi wamadzi kale. Ine ndimapopera pa mphamvu ya mpweya ya pakati pa 15 ndi 20 psi. Mukaima kutali kwambiri amauma m'malere n'kugwa ngati mchenga, mukayandikira kwambiri amayenderera. Mukangomaliza tsukani nthawi yomweyo, chifukwa akaumira m'kati singano imakakamira. Kunena zoona, pa ndege zazing'ono ndimasankha burashi, ulesi wa kutsuka.

Pakatha maola 24 matani zomata zanu. Mankhwala ofewetsa zomata, monga Micro Sol, nthawi zina amachititsa polishi kuyera ngati mkaka pamalo pomwe adontha. Mtima usagunde. Kawirikawiri kuyerako kumazimiririka pouma, ndipo kukatsala, kupakanso polishi pamwamba kumakuchotsa. Zomata zikauma ndimapukuta guluu wotsala ndi kansalu konyowa, n'kupakanso polishi kamodzi kuti zitsekeredwe m'kati.

Tsopano ndegeyo yavala chishango. Penti wa mafuta wosungunula ndi white spirit, amene timathira m'mizere ya malata kuti ndege ioneke yogwira ntchito, amayenda bwino pa malo osalala ndipo sadya akiliriki wa pansi pake. Wotsala ndimapukuta ndi kathonje ka m'khutu. Chimene polishiyu amaopa ndi amoniya ndi mowa wa isopropyl. Mankhwala opukutira mawindo okhala ndi amoniya, monga Windex, ndi amene ndimatsukira burashi, ndiponso kagalasi kakalakwika ndimakanyika m'menemo, polishi yense amasungunuka, ndimayambiranso. Pa thupi la ndege chenjerani, popeza amoniya yemweyo amachotsanso penti wa akiliriki. Tsegulani zenera potero.

Ndege yankhondo yonyezimira ngati galimoto ya ukwati siyioneka bwino, choncho pamapeto kuwala kuja kumafunika kuphedwa. Mutha kupopera vanishi wosawala wogula, kapena kusakaniza polishi yemweyo ndi Tamiya X-21 Flat Base, mankhwala ochotsa kuwala. Ameneyu payekha sapakidwa, amayeretsa ndege ngati mwaithira ufa. Ndimayamba ndi dontho limodzi pa madontho khumi a polishi, ndimayesa pa supuni ija, n'kumaonjezera pang'onopang'ono mpaka kuwala kutafika pamene ndikufuna. Kagalasi ndimakaphimba ndi tepi kufikira zonse zitauma, ndipo ndimaidula m'mphepete ndi mpeni wakuthwa ndisanaimatule, kuti isakoke polishi.