Babu la energy saver siliyenderana ndi dimmer m'khola la anapiye

Chisanu cha chaka chino chandionetsa cholakwika chimodzi m'makola angapo a anapiye ku Chibavi, ku Luwinga ndi ku Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu. Alimi achotsa mababu akale a mawati 100 n'kuikapo a energy saver pofuna kupulumutsa mayunitsi a ESCOM, koma swichi yopotokola ija yochepetsera kuwala, imene timaitchula kuti dimmer, aisiya pakhoma monga kale.

Babu lakale linali ndi kawaya kopyapyala chabe, ndipo pafupifupi magawo 9 mwa 10 a mphamvu yake ankasanduka kutentha, n'chifukwa chake linkafunditsa anapiye. La energy saver lili ndi tizipangizo m'tsinde lake lapulasitiki timene timafuna magetsi athunthu a mavoti 230, pamene dimmer imapereka magetsi odukizadukiza, moti tizipangizoti timakoka mphamvu modzidzimuka, timatentha, kenako pulasitiki imapserera kapena kusungunuka. Ngakhale mutapotokola swichiyo mpaka kumapeto, magetsi amadukizabe. Tsono pansi pa babulo pali utuchi wouma, ndipo m'mbali mwatchingidwa ndi makatoni ndi matumba.

Mayi wina wa ku Zolozolo anandifotokozera kuti babu lake linakhala likuphethira ndi kulira ngati njuchi kwa masiku atatu, iwo n'kumati ndi mmene magetsi alili masiku ano. Anadzidzimutsidwa ndi fungo la pulasitiki pakati pa usiku. Nditafika m'mawa ndinapeza tsinde la babu lada bii, utuchi wanyeka pakona, ndipo anapiye otsala anali ataunjikana chifukwa cha kuzizira, pakuti babu limeneli silitenthetsa mokwanira. Ndalama za anapiye, za chakudya ndi za katemera zinapita pofuna kusunga mayunitsi ochepa. Chimene chimanditopetsa n'chakuti ena amayankha kuti akhala akupotokola swichi imeneyi kwa zaka zambiri osaona vuto, ngati kuti babu ndi lomwe lija.

Itanani wodziwa zamagetsi achotse dimmer n'kuikapo swichi wamba, kapena gulani babu limene pakatoni pake palembedwa kuti dimmable, kutanthauza kuti limayenderana ndi dimmer. Mababu a LED nawonso muziwerenga pakatoni. Anapiye amafuna madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, choncho afunditseni ndi babu lofiira lotenthetsera kapena mbaula yotchingidwa bwino, mpweya ukulowa. Energy saver yosweka musaisiye m'khola, chifukwa muli poizoni wotchedwa mercury.