Tchipisi kapena mwendo wa nkhuku? Momwe mungayezere nokha zomwe zili m'mbale

Nkhaniyi inayamba ndi mkangano wa pa chiwaya nthawi ya nkhomaliro. Mnzanga wa kuntchito ankati, "Achimwene, chakudya ndi tchipisi, kamwendoko n'kongokometsera." Ine ndinkati ayi, ndalama ikachepa kuli bwino kuchepetsa tchipisi kusiyana n'kusiya nkhuku. Tinakangana mpaka mbale kuzizira, ndiye ndinaganiza zokayeza ndekha kunyumba. Ntchitoyi si yovuta, imangofuna sikelo, kakalikuleta ka pa foni ndi kusachita manyazi pakhomo, chifukwa ana amakuonani ngati mwapenga mukamaika fupa pa sikelo.

Choyamba, sikelo

Pezani kasikelo ka kukhitchini kabatire kaja, kowerenga magalamu. Kosongoka singano kogulira chimanga sikangathandize, sikaona kusiyana kwa magalamu 20. Timasikeloti timapezeka m'masitolo a ziwiya, ndipo ena amayenda nato m'misewu. Ine koyamba ndinagula kwa woyendayenda chifukwa mtengo wake unali wotsika ndithu, koma kanali kabodza, mbale yomweyo kankaiwerenga mosiyana katatu. Musanapereke ndalama, pemphani kuti muikepo paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Wogulitsa akayamba kuzemba, m'siyeni. Mufunsenso ngati batire lilimo, chifukwa timabatire tophwatalala tija nthawi zina timakhala tofooka kale tili m'bokosi.

Chachiwiri, gulani zomwe mumadyadi

Musagule katchipisi kakang'ono kofuna kudzinamiza. Gulani mlingo womwe mumagula masiku onse, ndi mwendo umodzi, muuze wachiwaya aziike padera, kabichi ndi tomato asathiremo. Changa, cha pamalo pomwe ndimadya, chinalemera magalamu 350. Dziwani kuti mtengo sunena kanthu za kulemera. Mbatatesi za ku Dedza ndi ku Ntcheu, za ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano, zikachuluka pamsika mbale imadzaza mpaka kusefukira. Zikasowa, ndalama imakhala yomweyo koma dzanja la wachiwaya limauma.

Chachitatu, manambala oyambira

Mabuku a zakudya amawerengera chilichonse pa magalamu 100. Kwathu kuno tili ndi buku lathu, Malawian Food Composition Table, lomwe linatuluka mu 2019 ndipo akatswiri a ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR anagwirapo ntchito. Ine ndinagwiritsa ntchito manambala a nthambi ya zaulimi ya ku America, USDA, popeza ali pa intaneti kwaulere ndipo amatseguka ngakhale pa foni. Ndawazungulitsa pang'ono kuti asavute.

Tchipisi cha m'malesitilanti, pa magalamu 100: makalori, omwe ndi muyeso wa mphamvu yomwe chakudya chimapereka m'thupi, pafupifupi 312, mafuta magalamu 15, zopatsa mphamvu za mtundu wa sitalichi magalamu 41, mapuloteni, omwe ndi zomanga thupi zija, magalamu atatu ndi pang'ono.

Mwendo wa nkhuku wokazinga, wopaka kaufa pang'ono, ndi khungu lomwe, pa magalamu 100: makalori pafupifupi 245, mafuta magalamu 14, mapuloteni magalamu 27, sitalichi yongochokera ku kaufako basi.

Mukangoona manambalawa mutha kunena kuti ziwirizi sizisiyana kwenikweni, makamaka pa mafuta, 15 ndi 14. Mnzanga uja anagwira pomwepo. Koma palibe amene amadya magalamu 100 a tchipisi n'kudzuka, ndipo mwendo umodzi nthawi zambiri nyama yake sifika magalamu 100.

Chachinayi, fupa

Apa ndi pomwe ndinagwa, ndipo ndinagwa pagulu. Ndinaika mwendo wonse pa sikelo, inawerenga magalamu 110. Ndinachulukitsa ndi manambala aja n'kupeza mapuloteni magalamu pafupifupi 30. Mawa lake ndinapita kuntchito ndi kapepala, chifuwa chili patsogolo. Mayi wina wa mu ofesi mwathu, yemwe anaphunzirako za kadyedwe, anangoyang'ana kapepalako n'kufunsa mwaulemu, "Bambo, kodi fupalo mumameza?" Anthu anaseka mpaka misozi.

Zoona zake n'zakuti manambala a m'mabuku amanena za chodyedwa chokha, nyama ndi khungu. Fupa mulibe. Ndiye njira yake ndi iyi: yezani mwendo wonse musanaulume, lembani. Idyani monga mwa masiku onse, osati kukungudza mopitirira chifukwa choti mukuyeza. Zotsala zonse, fupa ndi kachichereche ka kumapeto ngati simudya, zibwezeni pa sikelo. Chotsani nambala yachiwiriyi pa yoyamba ija. Kwa ine zotsala zinali magalamu 40, kutanthauza kuti m'mimba munalowa magalamu 70 okha. Mapuloteni anatsika kuchoka pa 30 kufika pa 19. Magalamu 11 onsewo ndinali nditawerengera fupa lomwe galu wa pakhomo ndi amene anadya.

Ndinabwereza ndi miyendo ina masiku otsatira, ndipo ndinaona kuti fupa limatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa nkhuku yachikuda limatenga gawo lalikulupo, poti miyendo yake ndi yaitali, yowonda, nyama yolimba yomatirira pafupa. Yachizungu ya masabata asanu ndi limodzi ija nyama ndi yambiri, komanso mafuta pansi pa khungu ndi ambiri. Kwa amene mumatafuna mutu wa fupa n'kuyamwa mafuta a m'kati, inu yezani zomwe mwalavula, masamu ake ndi omwewo.

Pali msampha wina woyandikana nawo. Mukamafufuza pa intaneti, onetsetsani kuti manambala ndi a nkhuku yophika, osati yaiwisi. Nyama ikamapsa imataya madzi n'kunyala, choncho magalamu 100 a yophika amakhala ndi mapuloteni ambiri kuposa magalamu 100 a yaiwisi. Mukayeza yophika n'kuwerengera ndi manambala a yaiwisi, mwaibera nkhuku. Izi zikukhudzanso ogula miyendo youmitsa m'firiji: ina imakhala ndi madzi oundana ochuluka moti mukaisungunula mbale imadzadza madzi omwe mwalipira pa mtengo wa nyama. Paketi ikakhala yoyera mbuu ndi chisanu m'kati, ine ndimaibweza.

Ndiponso tiuzane, "mwendo" umene mukunena ndi uti? Ena amatanthauza kachigawo ka m'munsi kokha, ena mwendo wonse ndi ntchafu yomwe. Zomwe ndalemba pano ndi za kam'munsiko. Ntchafu ili ndi mafuta ochulukirapo, ndipo ili ndi manambala akeake.

Chachisanu, chulukitsani

Tengani kulemera kwa chomwe mwadya, gawani ndi 100, chulukitsani ndi nambala ya m'buku. Tchipisi changa cha magalamu 350 chinapereka makalori pafupifupi 1,090, mafuta magalamu 52 ndi mapuloteni 12. Mwendo wa magalamu 70 unapereka makalori pafupifupi 170, mafuta magalamu 10 ndi mapuloteni 19. Munthu wamkulu amawerengeredwa makalori cha m'ma 2,000 patsiku, ndiye tchipisi chokhacho chatha theka la tsiku. Kuti muone bwino, funsani kuti makalori 100 aliwonse akukupatsani mapuloteni angati. Tchipisi chikupereka galamu imodzi, nkhuku ikupereka 11.

Mbatatesi payokha ilibe mlandu. Yowiritsa ili ndi makalori pafupifupi 87 pa magalamu 100, mafuta ngati mulibe. Chomwe chimakweza nambala ndi chiwaya: madzi amatuluka, mafuta amalowa, ndipo galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9 pomwe ya sitalichi kapena ya mapuloteni ili ndi 4. Nambala ya 312 ija ndi ya tchipisi chodula mopyapyala chouma bwino. Cha pa chiwaya chodula zikuluzikulu chimatsala ndi madzi ambiri, choncho chikhoza kutsikirapo. Koma ngati moto ndi wofooka ndipo tchipisi chikungosambira m'mafuta ofunda, chimamwa ngati thonje. Ndipo chizolowezi chija chouza wachiwaya kuti "thiraniponso pamwamba" ndi makalori ena pafupifupi 120 pa supuni yaikulu iliyonse.

Mafutawo muziwayang'ana. Akakhala akuda bii, ochita thovu, onunkha, ndiye kuti akazingira masiku angapo. Mafuta ophikira ogulitsidwa movomerezeka m'dziko muno amayenera kukhala othira vitamini A, ndipo a m'botolo mutha kuona chizindikiro cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu. Oyezera m'timabotolo topanda dzina aja ndi otsika mtengo, koma simudziwa komwe achokera.

Zotsalazi mwachidule

Mchere sungayezeke ndi kasikeloka, koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Dzithirireni nokha, musasiyire dzanja la wachiwaya, makamaka ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Mavitamini sindinawerengere mozama, ndinali nditatopa. Tchipisi chili ndi potaziyamu wambiri, vitamini C pang'ono wopulumuka pamoto, ndi zotsuka m'mimba zomwe nkhuku ilibiretu. Nkhuku ili ndi zinki ndi ayironi, komanso vitamini B12 yemwe mu mbatatesi mulibe. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja amene timamva kusikelo ya ana, tchipisi chagwira awiri, chokhutitsa ndi chamafuta, nkhuku yagwira la zochokera ku nyama. Kabichi ndi tomato wa pambali uja ndiye gulu lachinayi, musamakane.

Khungu mukalichotsa mafuta amatsika pafupifupi ndi theka pa mwendo wowotcha. Ine sindichotsa, ndiye pokoma pomwe.

Mnzanga uja ndinamuonetsa kapepala katsopano, kochotsera fupa. Anawerenga, n'kunena kuti iye amakwera njinga kuchokera ku Ndirande tsiku lililonse ndipo makalori 1,090 amenewo amathera pa chitunda. Pamenepo sindinatsutse. Ine amene ndimakhala pampando tsiku lonse ndimagula theka la tchipisi ndi miyendo iwiri tsopano, ngakhale kuti thumba limamva kuwawa kuposa kale.