Momwe mungakonzere malo ogona khanda m'nyumba za kuno ku Salima

Ambirife kuno tikuchita lendi nyumba za zipinda ziwiri, ndiye za chipinda chapadera cha mwana tingoiwala. Sitikutayapo kanthu, chifukwa azaumoyo amalangiza kuti miyezi 6 yoyamba khanda lizigona chipinda chimodzi ndi makolo, koma pamalo akeake. Chimene tikukonza apa ndi ngodya imodzi ya kuchipinda kwanu. Ngati apongozi anu ali m'gulu la amene amati katundu wa mwana sagula asanabadwe, musakangane nawo. Gulani mwakachetechete, mukasungitse kwa achemwali.

Yambani ndi kusankha ngodyayo. Lowani m'chipinda cha m'ma 3 koloko masana n'kugwira khoma lililonse ndi dzanja. Khoma la kumadzulo limasunga kutentha mpaka pakati pa usiku, ndipo mu Okutobala ndi Novembala mwana angalire mpaka mbandakucha inu n'kumayesa ndi m'mimba. Kabedi katalikire khoma limenelo. Musakaikenso pansi penipeni pa windo, chifukwa mwera ukayamba mu Juni mphepo yake imalowa mpaka pamphasa. Pawindopo khomani gozi, waya wa timabowo wotchinga tizilombo touluka. Amene muli kufupi ndi nyanja, ku Senga Bay kapena ku Chipoka, mukudziwa zimene nkhungu zimachita zikaona babu layaka.

Kenako gulani matiresi musanapite kwa kalipentala. Akhale olimba, osati ofewa oti mutu wa mwana n'kumira. A m'kaunjika ndi otchipa, koma ambiri amabwera ndi nsikidzi, ndipo ena ogulitsa amangowaveka nsalu yatsopano pamwamba pa siponji yotheratu. Finyani pakati, mukaona kuti sakubwerera msanga, asiyeni.

Tsopano nkhani ya kabedi, imene inandidyera ndalama ndi mtima. Kalipentala amene anandikhomera koyamba anagwiritsa ntchito matabwa aawisi. Nditafunsa anati, "Amayi, musadandaule, awa ndi ouma, ndawasunga kuyambira chaka chatha." Kanabwera konyezimira, kopakidwa vanishi, aliyense akuyamikira. Dzuwa la Salima litakagwira bwino, matabwa anakwinyika, misomali inayamba kutulutsa mitu, ndipo timatabwa tiwiri ta m'mbali tinapindika mpaka panatseguka mpata woti mwendo ndi thako la mwana n'kudutsa. Choopsa chake n'chakuti thupi likadutsa, mutu umatsala mkati.

Ndiye mukapita kwa kalipentala chitani izi. Nyamulani matiresiwo, ayezere pamenepo, osati kungomuuza pafoni. Matiresi akalowa m'kabedi, pakati pa iwo ndi thabwa pasalowe zala zoposa ziwiri. Mipata ya pakati pa timatabwa ta m'mbali isapitirire masentimita 6, ndipo muyeze nokha ndi tepi yake, mpata uliwonse, osati umodzi wokha umene iye akukuonetsani. Pemphani kuona matabwa asanapale. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira m'manja, ndipo mukaligogoda limalira mogontha. Louma limapepuka n'kulira bwino. Mlombwa ndi mbawa ndi zolimba ndipo chiswe sichizifulumirira, koma mtengo wake ndi wowawa. Paini wouma bwino akwanira, bola miyendo isamakhale pachinyezi. Muuzeni amange ndi masikuluwu ndi guluu, misomali ichepe, ndipo apale ndi sandipepa mpaka mutadutsitsa chitenje osakodwa paliponse.

Ndalama perekani theka lokha, ndipo ndi bwino kutumiza pa Mpamba kapena Airtel Money kuti umboni ukhalepo. Mukalipira zonse, mudzatopa ndi "mawa lokha, amayi", pamene iye wagulira ndalama yanu matabwa a bokosi la munthu wina. Mtengo mugwirizane lero ndipo ulembedwe, chifukwa chichokereni kutsika kwa kwacha kwa mu Novembala 2023, aliyense akachedwetsa ntchito amabwera ndi nyimbo yoti zinthu zakwera. Vanishi apake kukadali mwezi wathunthu mwana asanabadwe, kabedi kakhale pakhonde mpaka fungo litatheratu. Ngati ndalama yavuta, matiresi olimba pamphasa yoyera, mkati mwa neti, aposa kabedi kokhomedwa mwachinyengo.

Neti ndiye mwini nkhani kuno kunyanja. Kusikelo ya amayi oyembekezera amapereka yonyikidwa m'mankhwala, yaulere. Musanaigwiritse ntchito iyanikeni pamthunzi tsiku lathunthu, maola 24, kuti isayabwe. Imangeni pamakona onse anayi, ikokeni kuti isalendewere pankhope pa mwana, m'munsimo mupisire pansi pa matiresi. Timaneti tokongola tokhala ngati ambulera timene amagulitsa pa Kamuzu Road n'tabwino masana pakhonde, koma tambiri tilibe mankhwala ndipo mwana akangoyamba kutembenuka amatikankha. Achimwene akabwera kudzapempha neti yakale kuti akakokere usipa kapena kutchingira dimba, akaneni, idzakuthandizani tsiku lochapa inzake.

M'kabedimo muikemo makintoshi ndi kansalu kokoka bwino, basi. Pilo ayi, zidole ayi, bulangete lokhuthala ayi. Mwana agone chagada. Agogo adzanena kuti akuzizidwa n'kumukutira ndi mashawelo atatu. Gwirani pakhosi kumbuyo, mukapeza thukuta chotsaniko mashawelo ena. Mbaula ya makala isalowe m'chipindamo ngakhale kuzizire bwanji, utsi wake wosaonekawo umapha, ndipo makoyilo a udzudzu nawo atalikire.

Zovala sizifuna kabati yatsopano. Mabasiketi atatu apulasitiki kapena madengu akwanira: lina matewera, lina tizovala, lina zitenje ndi mashawelo. Muwaike pamalo oti mufikire ndi dzanja limodzi, poti linalo lidzakhala litanyamula munthu. Za m'kaunjika pitani tsiku lotsegula belo, sankhani za thonje, ndipo musaunjike tating'onoting'ono, mwana amatisiya milungu yochepa. Chapani zonse, yanikani pachingwe osati pakapinga, kenako sitani mbali zonse kuopa mphutsi zimene ntchentche zimaikira pa zovala zonyowa.

Zotsalazo mukuzidziwa. Ndowa yokhala ndi chivindikiro ya matewera akuda, beseni lake la mwana yekha, sopo wosanunkhira, tochi kapena nyali ya sola pafupi ndi mutu wa bedi poti magetsi amathima. Kabuku ka kuchipatala kakhale m'jumbo ya pulasitiki, mukakoleke pa msomali pamwamba kuti makoswe ndi chinyezi zisakapeze. Chikwama chopita nacho kuchipatala chikhale chopakiratu mwezi wa 8 wa mimba ukamatha, pamodzi ndi nambala ya wa njinga yamoto kapena wa galimoto amene amayankha foni usiku.